Mbiri ya Malemu ndi Buku la Ngongole

Moni a ku Namitete, a ku Msundwe ndi a ku Mpingu, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji. Moni a ku Nsaru, a kwa Kabudula ndi a ku Nambuma. Inu amene muli m'golosale kudikira makasitomala, kwezani pang'ono wailesiyo. Inu amene muli pamzere kuchigayo, tcherani khutu, chifukwa nkhani ya lero ikukhudza mwini chigayocho.

Lero tikamba za kukumbukira munthu. Munthu wake ndi wabizinesi. Wabizinesi amene ankathamangira mavuto a anthu popanda womulipira, komanso anali bambo wa ana pakhomo pake. Funso langa ndi limodzi lokha. Munthu wotere akatisiya, timamukumbukira bwanji?

Ndiyambe ndi dzina limene ambiri munalimvapo. Amene munafikako ku Blantyre mukuudziwa msewu wa Makata, ndi dera la mafakitale la Makata, kufupi ndi Ndirande. Dzinali limatchulidwa tsiku ndi tsiku m'maminibasi. Koma mufunseni kondakitala kuti Makata n'chiyani. Akuuzani kuti ndi siteji. Ayi ndithu, omvera, Makata anali munthu. Anali a Lawrence Makata, wabizinesi wa ku Ndirande.

Nthawi yake inali ya atsamunda. Masitolo akuluakulu, monga Mandala ndi Kandodo, anali a azungu. Masitolo ambiri a m'matauni ndi m'misika ya kumidzi anali a amwenye. Munthu wakuda ankamuyembekezera kukhala kalaliki, kapitawo wa pa esiteti, kapena kukwera ya Wenela kupita kumigodi ku Joni. Ngongole ya kubanki sinali yake. Mpamba ankachita kuusonkhanitsa yekha, khobidi ndi khobidi. M'nthawi yotereyi ndi mmene a Makata anakuzira bizinesi yawo, mpaka dzina lawo linamveka mu Blantyre monse.

Akanatha kukhala phee n'kumawerenga ndalama zawo. Ndani akanawadzudzula? Koma anaona ana a ku Ndirande akungoyendayenda, malo a sukulu ali ochepa. Anayambitsa sukulu. Mpaka lero ku Ndirande kuli sukulu ya pulayimale yodziwika ndi dzina la Makata. Ana amene akuphunzira pamenepo sanawaonepo a Makata, ngakhale makolo awo ambiri sanawaone. Koma belu likulirabe m'mawa uliwonse.

Sanalekere pomwepo. Dziko lino litalowetsedwa m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, anthu akukana, a Makata anali m'gulu la Nyasaland African Congress. Dr Kamuzu Banda atafika pa Chileka mu July 1958, kunachitika msonkhano waukulu ku Nkhata Bay. Mu komiti yaikulu imene inasankhidwa munali a Chipembere, a Chiume, a Dunduzu Chisiza ndi mayi Rose Chibambo. Munalinso amalonda awiri a ku Blantyre, a Makata ndi a Lali Lubani.

N'chifukwa chiyani amalonda anali ofunika chonchi? Taganizani. Mphunzitsi kapena kalaliki wa boma akalankhula kwambiri, ankamusamutsa kapena kumuchotsa ntchito. Wabizinesi analibe bwana womuopa. Koma anali ndi chotaya. Pa 3 March 1959, tsiku lija timakumbukira ofera dziko, boma la atsamunda linayamba kumanga atsogoleri a Congress, ndipo a Makata anamangidwa nawo. Tsono ndikufunseni. Wabizinesi akatsekeredwa, amatsegula sitolo ndani? Amalipira antchito ndani? Amauza ana kuti atate anu abwera ndani? Mabuku a mbiri sakonda kufunsa mafunso amenewa. Amalemba za abambo amene anamangidwa, n'kuiwala amayi amene anatsala ndi makiyi.

A Makata anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1962. Ufulu umene anauvutikira unabwera patapita zaka ziwiri, iwo kulibe.

Ndipo sanali okha. Pisani m'thumba, muone ngati muli ndi K100 yapepala. Nkhope ili pamenepoyo ndi ya a James Sangala, mmodzi mwa amene anayambitsa Congress. Iwonso, kupatula ntchito ya ukalaliki, ankachita bizinesi ya njerwa. Woumba njerwa ali pa ndalama ya dziko. Inu a mauvuni a njerwa m'madambo athuwa, mwamva?

Tsopano tibwerere kuno kwathu. Mwina wina akuti, zimenezo ndi za ku Blantyre, ife kuno tilibe a Makata. Tili nawo. Mayina awo sali pa misewu, koma tili nawo.

Akuluakulu akukumbukira kuti m'zaka za m'ma 1970 boma linalamula amwenye kuchoka m'misika ya kumidzi n'kukakhala m'mizinda. Masitolo aja anatsala m'manja mwa eni dera. Ena anagwa msanga, poti mpamba unali wochepa ndipo kopikula katundu kunali kutali. Ena anapirira. Kuchokera pamenepo pamsika uliwonse panayamba kupezeka bambo wina wake amene aliyense amamudziwa. Mwina anayamba ndi okala. Mwina anayamba ndi belo limodzi la fodya limene linagulidwa bwino ku okushoni ku Kanengo. Mwina ndi sikelo yogulira mtedza ndi soya. Pang'onopang'ono golosale, kenako chigayo, kenako kapikapu kotha matayala.

Kapikapu kameneko, omvera, mukukadziwa bwino. Usiku pakati, mvula ikugwa, mayi wina matenda a uchembere amuvuta. Ambulansi ili kutali. Kabaza sangathe. Anthu amathamangira kuti? Amakagogoda pawindo la bambo uja. "Odi, bambo, pepani takudzutsani." Iye amavala jekete pamwamba pa zogonera, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Ali kuti?" Sakamba za mafuta. Amayala matiresi kumbuyo, azimayi awiri n'kukwera kuti amugwirizize wodwalayo, ulendo wa ku St Gabriel's ku Namitete kapena kuchipatala cha kwa Kabudula. Galimoto ikatitimira m'matope, amatsika yekha n'kumakankha pamodzi ndi anyamata. Akabwerako kunja kukucha, sagona. Amatsegula golosale. Mwana amene anabadwa usiku umenewo lero ali ku sekondale, ndipo mwina sadziwa n'komwe kuti anafika bwanji kuchipatala.

Ndi yemweyo amene timamusankha kukhala wapampando wa komiti ya sukulu. Ndi yemweyo msungichuma wa kutchalitchi, poti timati wazolowera kugwira ndalama. Mjigo ukawonongeka, zipangizo amakagula ndi iye ku Lilongwe. Maliro akagwa pamudzi, bokosi limakwera galimoto yake, ndipo thumba la ufa wa adzukulu limachokera kuchigayo kwake. Timu ya mpira ikafuna yunifolomu, kalata imapita kwa iye. Palibe amene amamulipira. Amati kupatsa n'kuika, ndipo iye amakhulupirira zimenezo.

Kudzipereka kotere dera lino silikuchita kuphunzira kwa alendo. Chipatala cha St Gabriel's, chimene masisitere ochokera ku Luxembourg anachitsegula mu 1959, chakhala chikudalira anthu ongodzipereka a m'midzi, oyendera odwala m'makomo. Ankayenda mitunda italiitali, wapansi kapena pa njinga, kukapereka uthenga kuchipatala. Mu 2008 mnyamata wina wa ku America, Josh Nesbit, anabweretsa mafoni kuti anthu amenewa azitumiza mauthenga m'malo moyenda. Njira imeneyi inafalikira m'mayiko ena ambiri, koma inayambira pa Namitete pompa. Foni inali yachilendo. Mtima wothandiza anaupeza uli kale pano.

Tsono pali chinthu china chimene chimakhala pansi pa kauntala ya golosale. Ndi buku. Buku lachikuto cholimba, lakuda ndi thukuta la m'manja, m'makona mopindika. Tsamba lililonse lili ndi dzina pamwamba. Pansi pake: shuga, sopo, mafuta ophikira, mchere, makandulo. Pena thumba la feteleza, "ndidzabweza ndikagulitsa fodya." Pena ndalama ya fizi, "mwana asabwezedwe kusukulu." Mizere ina ndi yokhwatchidwa, kusonyeza kuti mwini wake anabweza. Yambiri ndi yosakhwatcha. Mwezi wa February, nkhokwe zitapepuka, bukuli limanenepa. Mabanja angati pamudzi panu anadutsa nyengo ya njala chifukwa cha buku limeneli? Inu mukudziwa. Mwina dzina lanu lilimo.

Ndisakunamizeni kuti bamboyu ndi mngelo. Ndi munthu wamalonda. Nthawi zina sikelo yake timaidandaula. Nthawi zina amakalipa mpaka kasitomala kuthawa. Ndipo ife sitimusiya. Akatukuka timanong'onezana kuti anakhwimira, ali ndi ndondocha kuchigayo. Masana tikumunena, usiku tikukagogoda pawindo lake. Khalidwe limeneli, abale, ndi lochititsa manyazi.

Tiyeni tsopano tilowe m'nyumba mwake, chifukwa bamboyu ndi kholo. Pano m'pamene nkhani imavuta. Munthu wa anthu onse kawirikawiri amasowa pakhomo pake. Amachoka ana asanadzuke. Amabwera ana atagona. Loweruka ali kumsonkhano wa komiti, Lamlungu akuwerenga chopereka. Mwana akamufuna, amachita kumulondola kugolosale, n'kulankhula naye pakati pa makasitomala. Mayi a kunyumba amaona ndalama ya malata ikupita ku bokosi la maliro a munthu amene sakumudziwa n'komwe. Akadandaula timati ndi mayi wouma mtima. Kodi ndi wouma mtima? Kapena ndi iye yekha amene akuwerengera za mawa la ana?

Thandizo lililonse limene bamboyu anatipatsa, banja lake linalipirako. Ndibwereze. Thandizo lililonse limene anatipatsa, mkazi wake ndi ana ake analipirako. Mafuta a usiku uja anali nsapato za mwana. Thumba la feteleza lija linali buku la sukulu. Iwo anapereka nawo, ngakhale sitinawathokoze.

Kenako tsiku limafika. Uthenga umamveka pamsika kuti bambo uja watisiya. Masitolo amatsekedwa. Anthu amadzaza pasiwa mpaka kumsewu. Makwaya amasinthana usiku wonse. Amfumu alankhula. A mpingo alankhula. A komiti ya sukulu alankhula. Mwinanso aphungu afika ndi envelopu ya chipepeso. Ndiye amaimirira wowerenga mbiri ya malemu, pepala lili m'manja. Anabadwa chaka chakuti. Anaphunzira pakuti. Anakwatira chaka chakuti. Asiya mkazi, ana angapo ndi zidzukulu. Aliyense amati mtengo waukulu wagwa, dera lataya munthu, sitidzamuiwala.

Mawu abwino. Koma tiyeni tibwerenso pakhomopo patatha miyezi itatu.

Buku lija lili kuti? Mayi wamasiye walitsegula. Akuona mayina a anthu omwe aja ankalira kwambiri pamaliro. Atuma mwana kuti akakumbutse. Mayankho ake mukuwadziwa. "Ndinabweza kale kwa malemu, anangoiwala kukhwatcha." Wina amati, "Imene ija anandipatsa, sinali ngongole." Wina amangosintha njira, sadutsanso pagolosale. Mashelefu ayamba kuoneka matabwa. Kopikula katundu akufuna ndalama yawo, iwo sadziwa za chisoni. Mpamba wonse uli m'matumba mwa anthu a pamudzi, ndipo anthuwo atseka pakamwa.

Ndiye kumabwera achibale. Kuno kwathu, mwa mwambo wa Achewa, ana ndi a kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Mwambo umenewu unali ndi nzeru zake pamene chuma chinali munda wa makolo ndi khasu. Koma lero chuma ndi golosale imene mwamuna ndi mkazi anamanga limodzi pa puloti yogula. Komabe abale a mwamuna amafika n'kunena kuti, "Katunduyu ndi wa m'bale wathu. Ana awa ali ndi kwawo." Wina atenga makiyi a galimoto. Wina akhala pachigayo n'kumatolera ndalama. Ana a alongo ake a malemu agawana njinga ndi mbuzi. Mayi uja, makamaka ngati anali pa chitengwa, amusudzula msangamsanga, abwerere kwawo ndi mapoto ndi ana. Chaka chisanathe galimoto ili pamiyala, chigayo chafa injini, golosale yasanduka malo oonetsera mpira. Mwana amene bambo ake analipirira fizi ana a eni ake, iye wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi.

Kodi kumeneko ndi kukumbukira? Ndikufunsa inu amfumu, inu a mpingo, inu amene munanyamula nkhata. Kumeneko ndi kukumbukira?

Mwina ena simukudziwa, choncho mvetserani bwino. Dziko lino lili ndi lamulo la chuma cha masiye, limene linakhazikitsidwa mu 2011. Lamuloli limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana, ndi ena amene ankadalira malemu. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, munthu atha kumangidwa nawo. Si nkhani ya pabanja yoti ithere pansi pa mtengo. Mayi wolandidwa katundu atha kupita kupolisi, ku ofesi ya DC, kapena kukhoti. Ndipo amfumu, udindo wanu ndi kuteteza ana amenewa, osati kuchitira umboni pamene akugawana mbuzi zawo.

Koma ndisangoloza chala achibale ndi angongole. Nditembenukire kwa inu eni ake, inu abambo a magolosale, a zigayo, a masikelo, amene mukundimvera muli moyo. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye ndikutsinani.

Ambiri a inu bizinesi yonse ili m'mutu. Amene muli naye ngongole mukumudziwa nokha. Nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money mukuidziwa nokha. Mapepala a puloti, akazi anu sanawaonepo. Kopikula katundu simunapite nawo ngakhale tsiku limodzi. Mwana wanu wamkulu amadziwa kuyeza shuga, koma sadziwa kuti phindu la thumba limodzi ndi zingati. Mumati mukawaonetsa adzakuberani, kapena adzayamba mwano. Ndiye tsiku limene mudzagone osadzuka, adzayambira pati? N'chifukwa chake mabizinesi ambiri kuno amaikidwa m'manda limodzi ndi eni ake.

Ndipo lembani wilo. Ndikudziwa, ena mukuti kulemba wilo n'kudziitanira imfa. Imfa siidikira kalata, abale. A Makata anachoka pa ngozi ya pamsewu, ali ndi mphamvu zawo, dziko likuwafunabe. Msewu wa ku Mchinji uwu mumauyenda tsiku ndi tsiku, ndipo mukudziwa zimene umachita. Wilo si ya anthu a m'tauni okha. Ndi pepala lonena kuti chakuti n'cha uje, chakuti n'cha uje, losainidwa ndi inu pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandirapo kanthu. Ngati mukufuna kuti mayi anu okubalani kapena mwana wa mlongo wanu adzapeze kenakake, lembani momwemo. Mukatero mwatseka pakamwa pa mkangano usanayambe.

Chinanso, phunzirani kunena kuti ayi nthawi zina. Kuthandiza anthu ndi kwabwino, ndipo dera lino likanakhala losauka kwambiri popanda inu. Koma simuli boma. Simuli banki. Mukapereka, akazi anu adziwe. Mukakongoza, mulembe tsiku ndi dzina, wokongolayo asaine, ngakhale ndi chala. Ndipo tsiku lina pa sabata tsekani msanga, mukadye nsima ndi ana anu, muwafunse za kusukulu. Pamaliro anu adzalankhula anthu ambiri, koma amene adzakusoweni m'mawa uliwonse ndi anawo.

Tsopano ndibwerere kwa tonsefe, amene tinakwerapo kapikapu kaja. Sitingathe tonse kutcha msewu dzina la munthu, monga anachitira ku Blantyre. Koma zina tingathe. Komiti ya sukulu imene malemu anaitumikira zaka zonse zija ingathe kuona kuti mwana wake wamaliza sukulu. Mpingo umene ankausungira chuma ungathe kutuma akuluakulu awiri kukakhala pambali pa mayi wamasiye tsiku logawa katundu. Amalonda anzake pamsika angathe kumutenga mayiyo popita kopikula, kumuonetsa njira, m'malo momulanda makasitomala. Ndipo ife ogula tingathe kupitiriza kugula pagolosale pomwepo, ndi ndalama m'manja. Timati maliro n'kulirana. Kulirana sikuthera kumanda.

Chiliza ndi chabwino, ndipo tidzabwera kudzadya nawo tsiku lochivundukula. Koma musamange chiliza cha matailosi ndi ndalama yogulitsa chigayo cha ana amasiye.

Omvera, nthawi yatithera. Mawu anga omaliza akupita kwa inu amene mukudziwa kuti dzina lanu lili m'buku la munthu amene anatisiya. Palibe amene akukuonani. Mwina tsambalo linang'ambika, mwina mayi wamasiyeyo anachita manyazi kukufunsani. Koma inu mukudziwa. Mukagulitsa soya, mukagulitsa mtedza, mukalandira za fodya, pitani pakhomopo. Ngati simungathe yonse, yambani ndi yochepa. Mukapereke m'manja mwa mayiyo kapena ana ake, osati kwa achibale ena, ndipo muone ndi maso anu akukhwatcha dzina lanu.